Katemera wa chiwewe ku Mangochi: momwe ntchito ya ophunzira ikuyendera

Epulo

Komiti yatsopano ya gulu lathu la ophunzira udokotala wa ziweto ku Bunda yalandira mabuku kuchokera kwa anzathu amene akumaliza maphunziro. Ine ndapatsidwa ulembi, choncho zolembazi zizichokera kwa ine. Ndiziziika poyera kuti aliyense amene waponyapo kangachepe aziona kumene ndalama yake yalowera.

Ntchito yaikulu ya chaka chino tagwirizana kale: kubaya agalu katemera wa chiwewe ku Mangochi, m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja yotsata msewu wa ku Monkey Bay, kuyambira cha ku Namiyasi mpaka ku Makawa. Tikufuna tikamalize pa 28 Sepitembala, tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse. Tsikuli analisankha chifukwa ndi limene anamwalira wasayansi wa ku France Louis Pasteur mu 1895, yemwe mu 1885 anapulumutsa mwana wolumidwa ndi galu wachiwewe pomubaya katemera.

Angapo a ife kwathu ndi ku Mangochi komweko, ndipo tikudziwa mmene kudoko kumakhalira. Pamene pali matandala a usipa ndi matumbo a nsomba, agalu sasowapo. Ambiri ali ndi eni ake, koma amangoyendayenda tsiku lonse, ndipo amene amasewera nawo kapena kuwagenda ndi ana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka padziko lonse, kuti pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu, ndiponso kuti anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Munthu akayamba kuonetsa zizindikiro, kuchira kumakhala kulibe.

Nambala imene tailemba pachikuto cha kaundula wathu ndi 70. Kuti chiwewe chileke kuyenda pakati pa agalu a m'dera, pafunika agalu 70 mwa 100 alionse akhale obayidwa. Tikapanda kufikapo, tidzakhala tateteza agalu amene tawabayawo, koma mudzi sitinauteteze. Mu 2015 a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies anabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre pa masiku 20, ndipo anapitirira 70 ija. Ife tilibe magalimoto kapena chuma chawo. Chimene tatengako ndi njira yawo: kuyamba ndi malo okhazikika kumene anthu amabweretsa agalu, kenako kuyenda khomo ndi khomo kusaka otsala, pomaliza kuwerenga obayidwa ndi osabayidwa.

Meyi

Wapampando ndi ine tinapita ku boma kukaonana ndi akuluakulu a zaumoyo wa ziweto. Ophunzira sitingangonyamula majakisoni n'kulowa m'mudzi. Pafunika dokotala wovomerezeka wotiyang'anira, komanso alangizi a ziweto a m'deralo, amene anthu amangowatcha avetenale. Anatilandira bwino. Tagwirizana kuti katemera adzadutsa m'manja mwawo ndipo adzasungidwa mufiriji yawo. Ife tipeze mafuta a galimoto, masingano, magolovesi, penti yoikira chizindikiro, ziphaso za agalu, mabokosi osungiramo katemera pozizira, ndi chakudya cha gulu.

Mlangizi wina wachikulire, amene wagwira ntchito kunyanjako zaka zambiri, anatifunsa funso limodzi lokha: "Ana anga, chaka cha mawa mudzabweranso?" Wapampando anayankha kuti tikufunitsitsa. Iwo anati, "Kufuna ndamva. Ndikufunsa ngati mudzabwere." Anafotokoza kuti agalu akumudzi sakhalitsa. Ambiri amafa asanakwanitse zaka zochepa, ana agalu amabadwa ambirimbiri, ena amabwera ndi asodzi ochokera kwina. Pakangotha chaka, gawo lalikulu la agalu a m'mudzi amakhala atsopano, osabayidwa. Zili ngati kupalira: ukapalira kamodzi n'kuusiya munda, udzu subwera ndi chisoni.

Funso limeneli landikhala pamtima kuposa nkhani ya ndalama, chifukwa komiti yathu imasintha chaka ndi chaka, pomwe ntchitoyi imafuna anthu obwerera pamalo omwewo chaka ndi chaka.

Juni, kumayambiriro

Kusonkha ndalama kwayamba. Tatsuka magalimoto ku Lilongwe Loweruka, taotcha nyama pasukulu, tasindikiza matisheti. Matisheti ndi amene abweretsa zambiri, makamaka kwa amene anamaliza kale ndipo ali pantchito. Aphunzitsi athu ena apereka za m'thumba mwawo. Kampani ina yogulitsa mankhwala a ziweto inatilonjeza thandizo pamsonkhano, koma mpaka lero foni sakuyankha, ndiye taichotsa mu bajeti.

Msungichuma wakhazikitsa lamulo limene ndikulikonda kwambiri. Ndalama yobwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba imalembedwa tsiku lomwelo, uthenga wake n'kujambulidwa ndi kuponyedwa pa gulu la WhatsApp la komiti. Kutulutsa ndalama kumafuna anthu awiri asayine. Wogula chinthu popanda lisiti amabweza za m'thumba mwake. Ena anadandaula kuti zikuoneka ngati sitikukhulupirirana. Ine ndikuona kuti lamuloli likuteteza msungichuma yemweyo, chifukwa magulu ambiri a achinyamata amene ndawaona akutha, anatha ndi manong'onong'o a ndalama, ngakhale pamene palibe anaba.

Juni, kumapeto

Msonkhano wa sabata ino unali wovuta, ndipo ndilemba mwatsatanetsatane chifukwa amene atithandiza ayenera kudziwa.

Gulu lathu limalumikizana ndi IVSA, bungwe la ophunzira udokotala wa ziweto la dziko lonse, lomwe linayamba mu 1953. Bungweli limachititsa misonkhano ikuluikulu iwiri pa chaka, wina pakati pa chaka, wina cha mu Disembala kapena Januwale, m'mayiko osiyanasiyana. Kumeneko ndi kumene amasankha atsogoleri, kukambirana malamulo a bungwe, ndi kupangana zosinthana ophunzira pakati pa masukulu. Lili ndi makomiti ake, kuphatikizapo yoona za One Health, ganizo lakuti umoyo wa anthu, wa nyama ndi wa chilengedwe sungalekanitsidwe. Chiwewe ndi chitsanzo chake chenicheni: mwana wa ku Makawa amatetezedwa ndi jakisoni wobayidwa pakhosi pa galu.

Mnzathu woona zolumikizana ndi akunja anapempha kuti gawo la ndalama tasonkhazi lithandize munthu mmodzi kupita ku msonkhano wotere. Mfundo zake sizinali zachibwana. Anati ophunzira a ku Malawi sitimveka m'misonkhanoyi, ndipo zokambirana za matenda a ku Africa zimachitika ife kulibe. Anati amene amapereka thandizo amakumbukira nkhope imene anadya nayo limodzi, osati dzina la pa imelo. Anatinso sukulu yathu ya udokotala wa ziweto ndi yaing'ono, yangoyamba zaka za posachedwapa, ndipo madokotala ambiri akale a dziko lino anakaphunzira kunja. Tikadzitsekera, tidzakhala tikuyamba patokha zinthu zimene ena anazidziwa kalekale.

Msungichuma anangotsegula buku. Tikiti ya ndege, viza, ndi ndalama yolembetsera msonkhano zimalipiridwa mu ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene wayesapo kupeza madola ku banki akudziwa mmene zilili. Ulendo wa munthu mmodzi ukanadya ndalama zoposa zonse zimene tasonkha.

Ine ndinaima ndi msungichuma, koma osati chifukwa cha masamu okha. Anthu amene tinawatsukira magalimoto tinawauza kuti ndalama yawo ikukabaya agalu ku Mangochi. Mayi wina anagula tisheti n'kusiya chenji, akunena kuti mwana wa mchemwali wake analumidwa ndi galu. Ndalama imeneyo ili ndi dzina kale. Kuipatutsa, ngakhale pa chifukwa chabwino, ndi kuwanamiza anthuwo, ndipo chaka cha mawa komiti yotsatira ikadzapita kwa iwo idzapeza khomo lotseka.

Tinamanga mfundo iyi. Thumba la Mangochi silikhudzidwa. Wofuna kupita kunja apemphe thandizo lapadera la ulendo, ndipo komiti imulembera kalata yomuchitira umboni ndi kumuthandiza kulemba pempho. Akapita, akalankhule za ntchito ya ku Mangochi, ndipo akabwerako adzapereke lipoti kwa gulu lonse. Mnzathuyo sanakondwe, koma anavomera, ndipo usiku womwewo ndi iye amene anayamba kulemba makalata opita kwa ophunzira anzathu a m'mayiko ena.

Julayi

Makalata aja abala zipatso. Gulu la ophunzira a pasukulu ina ya ku Ulaya layankha, ndipo tinakumana nawo pa Zoom. Intaneti inkadukaduka, koma tinamvana. Iwo chiwewe cha agalu amachiwerenga m'mabuku, sanachionepo. Anafunsa mafunso ambiri, ena oti ife sitinawaganizirepo, monga mmene tidzatayire masingano ogwiritsa ntchito kale. Agulitsa makeke pasukulu pawo ndipo atitumizira ndalama yogulira mabokosi a katemera. Apempha kuti ena mwa iwo adzabwere chaka cha mawa. Tawauza kuti alandiridwa, bola akabwere atabayitsa kale katemera wa chiwewe, akadziwe kuti wotsogolera m'mudzi ndi mlangizi wa ziweto, ndiponso asadzajambule ana a anthu popanda chilolezo cha makolo.

Nkhani yobayitsayi ikutikhudza ifenso. Aliyense wogwira agalu ayenera kulandira katemera wodziteteza asanayambe ntchito, ndipo ndi wodula. Tagwirizana kuti amene sanabayitse sadzagwira galu. Adzalemba kaundula, kupaka penti pa agalu ogwiridwa kale, ndi kuphunzitsa m'masukulu.

Mwezi uno ndi umodzi mwa miyezi imene alangizi amatemera nkhuku chitopa, ndi katemera wa I-2 uja wodontheza m'diso, wopangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, amene amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse. Anzathu awiri anatsagana ndi mlangizi pa ntchitoyi, ndipo khomo lililonse limene amadontheza nkhuku amafunsanso kuti pali agalu angati. Umu ndi mmene tapezera kalembera wathu woyamba popanda kuwononga mafuta apadera.

Ogasiti

Mwezi wa mafumu. Tayenda kwa a Gulupu ndi anyakwawa, kwa mashehe, abusa ndi ansembe, komanso kwa aphunzitsi aakulu a masukulu a pulayimale. Anzathu olankhula Chiyao ndi amene akutsogolera, ife tikungothandizira.

Dera lino Asilamu ndi ambiri, ndipo mabanja ambiri amasunga galu wolondera pakhomo kapena kumunda koma samugwiragwira, makamaka kupewa malovu ake. Zimenezi zikutanthauza kuti galu wotere sanazolowere dzanja la munthu kapena chingwe m'khosi, ndipo mwini wake sangamukokere ku malo obayira. Shehe wina anatimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati: "Ana anga, nkhani yanu ndi yoteteza moyo wa ana, ndipo imeneyo ndi nkhani yathunso. Ndilengeza Lachisanu pa Juma. Koma musayembekezere kuti bambo wamkulu anyamule galu. Bwerani pakhomo." Chifukwa cha mawu amenewa tasintha dongosolo: masiku a khomo ndi khomo achuluka kuposa a malo okhazikika, ndipo Lachisanu masana sitigwira ntchito.

Mphekesera imene takumana nayo paliponse ndi yakuti galu wobayidwa amafooka, amasiya kuuwa akuba, ndipo wamkazi sabereka. Sizoona, ndipo tanena mobwerezabwereza. Koma amene wathandiza kwambiri ndi mlenje wina wodziwika m'deralo, yemwe agalu ake anabayidwapo kale ndipo amasakabe. Wavomera kuti adzakhala woyamba pamzere.

Uthenga wapita ku wailesi ya Dzimwe ya ku Monkey Bay ndi ku Radio Maria, m'Chichewa ndi m'Chiyao.

Sepitembala, sabata ya katemera

Tinkadzuka kusanache. Kunyanja kukatentha agalu amabisala pansi pa nkhokwe ndi mabwato, ndiye ntchito yeniyeni ndi ya m'mawa ndi madzulo. Katemera ayenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, osatentha komanso osaundana. Tinkakulunga ayezi m'nyuzipepala kuti asakhudzane ndi timabotolo, ndipo bokosi linkakhala pamthunzi, wolitsegula ndi munthu mmodzi yekha. Usiku wina magetsi anazima, ndipo mwini malo ogulitsira nsomba anatipatsa ayezi wake ulere.

Pa malo oyamba, pabwalo la sukulu pansi pa mtengo wa mango, mlenje uja anafikadi woyamba ndi agalu ake. Pambuyo pake panabwera ana. Pafupifupi galu aliyense anabwera ndi mwana, ena atamanga ndi luzi, ena ndi chidutswa cha ukonde wakale, ena ndi waya amene tinkayamba tamasula chifukwa ankacheka khosi. Kamnyamata kena ka zaka ngati zisanu ndi zitatu kanabwera ndi beseni pamutu, litavundikiridwa ndi chitenje. Katatsitsa, munali tiana ta galu tisanu, maso atangotseguka kumene. Kanafunsa mnzanga kuti, "Achimwene, timenetinso mubaya? Amayi akuti n'tating'ono." Tinabaya tonse, chifukwa pa katemera wa chiwewe wa m'mudzi ana agalu sasiyidwa, ndipo iwo ndi amene ana a anthu amawanyamula ndi kugona nawo. Mnyamatayo anagwira kalikonse mosamala, kukapanikiza pachifuwa, mnzanga n'kutsina khungu la pakhosi, kubaya, kupaka penti pamphumi. Pa chiphaso anafuna kuti tilembe dzina la kagalu kalikonse, ndipo anatikonza pamene tinasokoneza awiri ofanana mtundu.

Khomo ndi khomo inali ntchito ina. Galu wosazolowera kugwiridwa amakuona uli patali n'kulowa m'bango. Apa anatithandiza ndi anyamata asodzi. Ukonde amaudziwa kuposa ife, ndipo atangoona mmene mlangizi akuponyera ukonde wogwirira agalu, anamulanda ntchito. Mutu wa usipa pansi, galu n'kuyandikira, ukonde n'kugwa, jakisoni kudzera m'maso a ukonde momwemo, penti, n'kumumasula. Sitinalole kuthamangitsa galu mpaka kutopa kapena kumumenya. Wothawa tinkamulemba n'kudzabwereranso madzulo.

M'masukulu uthenga unali umodzi, ndipo ana ankaubwereza mokweza. Galu akakuluma kapena kukukanda, tsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, uza munthu wamkulu, pita kuchipatala tsiku lomwelo. Osathira mchere, tsabola kapena mankhwala azitsamba pabala n'kukhala pakhomo. Osabisa poopa kukalipiridwa. Chiwewe chimatha kukhala m'thupi miyezi iwiri kapena itatu chisanaonekere, ndiye bala likapola anthu amaganiza kuti zatha.

Lachinayi kunachitika chinthu chimene chasintha maganizo a gulu lonse. Mayi wina anatipeza panjira atagwira dzanja mwana wamkazi wolumidwa pamwendo dzulo lake ndi galu wachilendo, amene anthu anamupha n'kumukwirira. Anati, "Adokotala, mubayeni jakisoni wanuyo." Tinawafotokozera kuti katemera wathu ndi wa agalu, sitingabaye munthu. Nkhope yawo inagwa. Anali atapita kale ku chipatala chaching'ono chapafupi, kumene anauzidwa kuti katemera wa anthu kulibe, apite kwina, ndipo ndalama ya kabaza analibe. Tinatsukanso balalo pampope, mlangizi anawalembera kalata, ndipo galimoto yathu inasiya ntchito n'kuwapititsa kumene katemera anapezeka. Galu uja anamufukula mlangizi ndi dokotala wotiyang'anira, atavala zodzitetezera, kuti mutu wake ukayezedwe ku labotale. Mwanayo sanadikire zotsatira, chifukwa pa chiwewe sudikira. Mlangizi wazaumoyo wa m'mudzimo watenga udindo woonetsetsa kuti amalize majakisoni onse pa masiku ake.

Madzulo a tsikulo tinagwirizana kuti mu bajeti ya chaka cha mawa mukhale ndalama ya mayendedwe a anthu olumidwa, ndipo tiitane ophunzira zaudokotala wa anthu ndi unamwino kuti tiziyendera limodzi.

Okutobala

Kuwerenga kwatha. Magulu awiri amene sanabaye nawo m'midzi imeneyo anayenda m'mawa, penti isanafufutike, kulemba galu aliyense amene amuona, wa chizindikiro ndi wopanda. M'midzi ya pafupi ndi msewu tapitirira 70 ija. M'midzi iwiri ya kudoko sitinafikepo. Kumeneko kuli agalu ambiri amene aliyense amati si ake, ndipo asodzi ena anali atasamukira ku madoko ena ndi agalu awo. Mlangizi wavomera kubwererako ndi katemera wotsala mvula isanayambe, ndipo mafuta a njinga yake yamoto achokera m'thumba lathu.

Lipoti la ndalama laikidwa pa bolodi kusukulu ndipo latumizidwa kwa onse amene anapereka, kuphatikizapo anzathu a ku Ulaya, ofesi ya ku boma ndi mafumu. Mafuta ndi amene adya zambiri. Ndalama yotsala sitigawana kapena kuchitira phwando. Yatsekeredwa kuti ikhale poyambira chaka cha mawa, ndipo talemba m'malamulo a gulu kuti komiti iliyonse izisiya gawo lotere.

Mnzathu woona zakunja uja watumiza pempho lake la thandizo la ulendo, ndipo zimene akufuna kukafotokoza ndi zotsatira za kuwerengaku, pamodzi ndi midzi iwiri imene yatikanika. Ndamuthandiza kukonza Chingerezi chake ndipo ndikufunitsitsa apite. Mayiko anagwirizana zothetsa imfa za anthu zobwera ndi chiwewe cha agalu pofika 2030, ndipo zaka zatsala zochepa. Amene akukambirana zimenezi ayenera kumva kuchokera kwa munthu amene waima padoko ndi ukonde m'manja.

Pa funso la mlangizi lija, tachitapo izi. Gulu lililonse la ku Mangochi linali ndi wophunzira wa chaka chachiwiri kapena chachitatu, ndipo awiri mwa iwo avomera kuima pa chisankho cha komiti yotsatira. Kaundula, mapu a midzi, manambala a alangizi ndi mafumu, mitengo ya zinthu ndi makalata onse zili mufoda imodzi pa intaneti, komanso zosindikizidwa mu ofesi ya mphunzitsi wotiyang'anira. Tapempha ofesi ya ku boma kuti tisayinirane mgwirizano wa zaka zitatu m'dzina la gulu, osati la munthu, ndipo kalata yake ndaipereka Lolemba. Msonkhano wotsatira ndi Loweruka likubwerali, ndipo nkhani yoyamba ndi ya mabokosi a katemera: asungidwe ku Bunda kapena atsale ku Mangochi kuti alangizi aziwagwiritsa ntchito pa chitopa mu Novembala. Ine ndikavotera kuti atsale.